Kodi printa yanga yakale idzasiya kugwira ntchito pa Ubuntu?

Funso: Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kupanga fotokope. Kompyuta yanga ili ndi Ubuntu, ndipo printa ndi ya laser, yakale ndithu, yolumikiza ndi chingwe cha USB. Ndamva kuti madiraiva a maprinta akuthetsedwa. Ndiyambe kusungira ndalama yatsopano? Mayi wa ku Kasungu

Yankho: Mayi, ndalamazo gulirani toner kaye. Mwamva zoona, koma si zoti muthamange nazo.

Pulogalamu imene imayendetsa zosindikiza pa Ubuntu ndi CUPS. Apple inaigula mu 2007, koma ya pa Linux, banja limene Ubuntu ilimo, panopa ikusamalidwa ndi gulu la OpenPrinting. Iwowa akufuna kuti CUPS 3, mtundu watsopano wa pulogalamuyi, isiye madiraiva akale (timapulogalamu tothandiza kompyuta kuyendetsa printa) ndi mafayilo awo a PPD, omwe amauza kompyuta zomwe printa imatha. Maprinta ambiri atsopano amadzifotokoza okha kudzera mu IPP, njira imene kompyuta ndi printa zimalankhulirana, ndiye diraiva safunikanso.

Yanuyo mwina siyankhula IPP. Maprinta akale otere a OpenPrinting anawapangira timapulogalamu totchedwa Printer Application, monga ta Gutenprint, HPLIP ndi Ghostscript. Kapulogalamuko kamasunga diraiva wakale mkati mwake, kenako n'kuonetsa printa yanu kwa CUPS ngati yatsopano. Ine ndimaona kuti ndi nzeru yabwino, ngakhale kuikako koyamba kumatopetsa pang'ono.

Chondidetsa nkhawa ndi printa imene diraiva wake anachokera kwa opanga okha, ndipo iwo anasiya kumukonza. Tsegulani localhost:631, lomwe ndi tsamba la CUPS, pa browser, muone dzina la diraiva wanu, mulilembe penapake. Musanasinthe Ubuntu, yesani kaye watsopanoyo pa flashi, musindikize tsamba limodzi.