Tifunseni: Kodi kalata ya munthu wamba ingayankhulitse America ndi China?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Achimwene anga ali pasukulu ku America, ndiye alowa kagulu kenakake, muli anthu a konko ndi ena ochokera ku China, amalemba makalata kwa aphungu kuti maboma awiriwa aziyankhulana bwino mmalo momangoopsezana. Ine ndikuona ngati akungotaya nthawi, munthu wamba angawauze chani akuluakulu a ku Washington ndi Beijing? Nanga ife kuno zikutikhudza pati? Ndine mlongo wanu wa ku Matawale.

YANKHO: Achemwali, achimwene anuwo musawagwetse ulesi chonde, zomwe akuchitazo zili ndi mutu.

Mu 1971 ku Nagoya, ku Japan, kunali mpikisano wa dziko lonse wa table tennis, ndipo nthawi imeneyo America ndi China anali atatha zaka zoposa 20 opanda ubale wa ukazembe. Mnyamata wina wa timu ya America, Glenn Cowan, anakwera basi ya timu ya China, anthu onse ziii poti kucheza ndi munthu wa ku America chinali chinthu choopsa, koma katswiri wawo Zhuang Zedong anadzuka nkukamupatsa moni ndi mphatso ya nsalu yojambulidwa mapiri a Huangshan, atolankhani nkujambula. Mwezi wa April womwewo timu ya America inapita ku China. July Henry Kissinger, mlangizi wa pulezidenti wa America pa za chitetezo, anapitako mwachinsinsi, February 1972 pulezidenti Nixon nkufika ku Beijing. Inde maboma awiriwa ankafuna kale kuyandikana chifukwa onse ankakayikira Soviet Union, koma ankasowa poyambira, ndipo poyambirapo anawapatsa ndi anyamata osewera. Timu ya China itabweza ulendo mu 1972, mmodzi mwa oilandira linali bungwe losakhala la boma, National Committee on US-China Relations, lomwe anthu analiyambitsa mu 1966 zinthu zisanayambe nkomwe kuoneka bwino.

Kuyambira 2020 njira zina zoyankhulirana zinatsekekanso, ndipo ine zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mu July 2020 America inatseka ofesi ya ukazembe ya China ku Houston, China nayo nkubwezera potseka ya America ku Chengdu. Mu 2022 Nancy Pelosi, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya America, atapita ku Taiwan, chilumba chomwe China imati ndi chake, China inadula zokambirana zina za asilikali. Ndiye mu February 2023 chibaluni cha China chomwe chinkauluka pamwamba pa dziko la America chitawomberedwa ndi ndege ya nkhondo ya America, nduna ya chitetezo Lloyd Austin anafuna kuyankhula pafoni ndi mnzake wa ku China koma anakanidwa. Taganizani, mayiko oti onse ali ndi mabomba a nyukiliya foni osayankhana! Anadzagwirizana zoyambiranso mu November 2023 pulezidenti Biden wa America ndi mtsogoleri wa China Xi Jinping atakumana ku California.

Langizo langa kwa achimwenewo ndi loti kalata yongonena kuti tikufuna mtendere phungu amangoiika pambali. Azipempha chinthu chimodzi chogwirika, monga kuti maofesi aja atsegulidwe, kapena ma viza a ana asukulu ndi atolankhani asamavute, ndipo azilemba mobwerezabwereza, ambiri mwa osaina akhale ovota a dera la phunguyo. Adziwenso kuti ku China munthu wamba sangakakamize boma momasuka ngati ku America, kumeneko zimayenda kwambiri kudzera mmasukulu, malonda ndi maulendo ochezerana. Xi mwiniwake anagonapo mnyumba ya banja lina ku Muscatine, Iowa, mu 1985 ali wogwira ntchito m'boma wamng'ono, ndipo anabwererako mu 2012.

Zoti zikutikhudza pati, achemwali, yang'anani pafupi pompa. Chisiyireni Taiwan kumapeto kwa 2007 nthawi ya Bingu, China yatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa komanso yunivesite ya MUST ku Thyolo, pomwe ntchito zambiri zolimbana ndi HIV mzipatala zathu zakhala zikuyendera ndalama za America kudzera ku PEPFAR. Awiriwa akamakokana, mayiko aang'ono ngati lathu ndi omwe amayamba kufunsidwa kuti muli mbali iti, pomwe ife tikufuna msewu ndi chipatala zonse pamodzi. Mukamayankhulanso nawo pa WhatsApp muwafunse kuti kalata yawo yomaliza inapempha chani kwenikweni ndipo phunguyo anayankha kuti chani, mudzatilembere.