Kukaona mlongo wanu ku Windhoek pa galimoto yogonamo: yankho langa kwa achimwene a ku Kapata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Kapata kuno ku Chipata. Mlongo wawo anakwatiwa ku Windhoek, likulu la dziko la Namibia, ndipo kumeneko kwabadwa mwana. Mnzawo wa ku Lusaka wawabwereka galimoto ija yokhala ndi mabedi, sitovu ndi chimbudzi mkati, imene ena amati motorhome. Akufuna kutenga amayi awo okalamba, akazi awo ndi ana awiri, n'kudzera ku Botswana. Akufunsa ngati chipululu cha Kalahari n'chodutsika ndi agogo, komanso ngati kuli bwino kuti akafika azikagona m'galimotomo kuopa kupanikiza alamu awo.

Achimwene, pitani ndithu. Msewu wonse ndi wa tala, koma ndi wautali, makilomita pafupifupi 2,500, choncho muupatse masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuchoka pano kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 570, ndipo mapiri aja a kutsogolo kwa Nyimba, potsikira ku mlatho wa Luangwa, muwaope. Galimoto yolemera chotero muzitsika nayo pa giya yaing'ono, apo ayi mabuleki atentha. Mukadutsa Livingstone mukaoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Kenako Nata, Maun, Ghanzi, chipata cha Mamuno cha pa malire a Botswana ndi Namibia, Gobabis, basi mwalowa mu Windhoek.

Kalahari si mchenga wokhawokha ayi. Muli udzu, mitengo yaminga ndi ng'ombe zambirimbiri. Chimene mulibe ndi mitsinje yoyenda komanso midzi yoyandikana ngati kwathu kuno, kumene galimoto ikafa mumangoona ana atakuzungulirani kale. Kumeneko mutha kuima nthawi yaitali osaona munthu woyenda pansi. Ndiye thirani mafuta pa tauni iliyonse ngakhale thanki ili pakati, nyamulani madzi akumwa m'zigubu zapadera kuwonjezera pa a m'thanki ya galimoto, ndipo matayala apadera akhale awiri. Dzuwa likapendeka, fufuzani malo olipira ogonapo apaulendo. Pakati pa Kazungula ndi Nata njovu zimaoloka msewu, ndipo cha ku Ghanzi abulu ndi ng'ombe zimaima pa tala usiku. Ine ndinaona njovu itatulukira m'tchire dzuwa likulowa, khungu lake lofanana ndi mtundu wa msewu, ndipo mpaka lero mtima umagunda ndikakumbukira.

Za amayi, chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo. Mu June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, pamene mu October kutentha kumafika madigiri 40. Ndikanakhala ine ndikanasankha May kapena August. Atengereni mabulangete okhuthala ndi mankhwala awo okwanira ulendo wonse, ndipo muziima maola awiri alionse kuti aongole miyendo. Chonde musayatse mbaula m'galimoto mutatseka mawindo. Utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Mapepala akhale m'manja musananyamuke: mapasipoti, buku la galimoto, kalata ya mwini wake yokulolani kutuluka nayo m'dziko, chilolezo cha apolisi, ndi zikalata za kubadwa kwa anawo, poti ku Botswana amazifunsa. Nyama yaiwisi musagule yambiri. M'dzikomo muli zipata zoletsa kufala kwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, kumene amatsegula firiji, n'kukuuzani kuti muponde nsapato m'mankhwala.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene landikhudza kwambiri. Ndikumvetsa kuti simukufuna kukhala mtolo, nyumba za m'tauni ndi zazing'ono. Koma ine ndinalakwitsapo pomwepa. Nditafika kwa azakhali anga ndi galimoto yotereyi, ndinawauza mokondwa kuti asavutike, tili ndi zonse. Iwo anali ataima pakhomo atanyamula bulangete latsopano, likadali m'pepala lake, limene anagulira ifeyo. Anangoti, "Chabwino mwanawe," n'kubwerera nalo mkati. M'mawa ndinamva akuuza mnzawo kuti kaya nyumba yawo tainyansidwa nayo. Zinandipweteka, ndipo usiku wotsatira tinayala mphasa pabalaza pawo.

Choncho imbirani foni alamu anu musananyamuke, muwafunse kuti iwo akonza zotani. Amayi agone m'nyumba, pafupi ndi mwana wawo ndi kamdzukulu kawo, chifukwa ndicho akuvutikira ulendo wonsewu. Akazi anunso alowe m'nyumba, azithandizana ndi mlamu wawo pa khanda. Malo akachepa, inu ndi anawo mutha kugona m'galimoto, koma mawuwo achokere kwa eni khomo. Sitovu ya m'galimoto isayake ngakhale tsiku limodzi muli pabwalo pawo. Nsima ikhale ya mphika umodzi.

Pa Saturday Market muguliretu nsawa za Chalimbana, ufa woyera ndi mfutso wa nkhwani, ndipo pa chipata chilichonse muwauze akuluakulu zimene mwanyamula. Amayi muwapatse mpando wapawindo pochoka ku Nata kupita ku Maun, akaone milambe ndi migwalangwa ya ku zigwa za mchere za Makgadikgadi. Mukabwerako mudzandilembere mmene mwayendera, ndipo kamwanako mukakapatse moni wanga.