Kodi 350 iliyonse ndi imodzimodzi?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi Buick Skylark ya 1970 yomwe injini yake ya 350 yatha, ndipo makaniko wamupezera injini ya Chevrolet 350 n'kumuuza kuti ingolowa bwinobwino, poti zonse ndi za General Motors ndipo nambala ndi yomweyo. Akufunsa ngati zili zoona.

Achimwene, musapereke kaye ndalama. Masiku amenewo Chevrolet, Buick, Oldsmobile ndi Pontiac anali ana a bambo mmodzi, koma aliyense ankaphika pakhomo pake. Nambala 350 imangonena kukula kwa masilinda onse asanu ndi atatu pamodzi, pafupifupi malita 5.7. Njira yofikira pa nambalayo inali yosiyana.

Ya Chevrolet, yomwe inayambira mu Camaro mu 1967, ili ndi silinda yotambalala mainchesi 4.00 ndipo pisitoni imayenda 3.48. Ya Buick yanuyo inabwera mu 1968 ndi silinda yopapatiza, 3.80, koma pisitoni imayenda mtunda wautali, 3.85. N'chifukwa chake Buick imakoka mwamphamvu musanapondereze n'komwe, ndipo ine ndimaikondera pamenepo. Oldsmobile anachita zosemphana: silinda yotambalala 4.057 koma pisitoni yoyenda 3.385 yokha. Ya Pontiac ndiye imandiseketsa, chifukwa mukawerengetsa bwino imatuluka 354, koma anaitchula 350 basi.

Tsono pa galimoto yanu. Mabowo a mabawuti kumbuyo kwa injini ya Chevrolet sakumana ndi giyabokosi ya Buick, pokhapokha mutaika chitsulo cholumikizira kapena kusintha giyabokosiyo. Distributor (chipangizo chogawira moto ku mapulagi) ya Buick ili kutsogolo, ya Chevrolet ili kumbuyo, ndiye mawaya asinthanso. Zogwirira injini ndi mapaipi a utsi nazonso ndi zina. Zimatheka, ambiri anachitapo, koma si ntchito ya Loweruka limodzi.

Nkhaniyi inafikapo kukhoti. Mu 1977 anthu ogula Oldsmobile Delta 88 anapeza injini ya Chevrolet pansi pa boneti, ndipo anasumira General Motors.

Ndikanakhala ine, ndikanakonzetsa ya Buick yomweyo. Zoona, masipeya a Chevrolet savuta kupeza ndipo ndi otchipa, koma mukaphatikiza zosinthazo phindulo lathera m'njira. Chokhacho muuzeni makaniko ayang'anitsitse pampu ya oyilo. Imakhala m'chivundikiro cha aluminiyamu kutsogolo kwa injini, ndipo chikaperepeseka oyilo amayenda mofooka injini ikatentha.