Mwana wanga wangotengeka ndi ndege zakale za pasitima

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wa Fomu 3 sakambanso zina koma ndege za jeti zoyambirira kutera pa sitima zankhondo zapanyanja. Akufunsa ngati kumeneku si kutaya nthawi, poti kuno sitima zoterozo kulibe.

Mayi, musamulande mabukuwo. Ingomufunsani funso limodzi: ndani anachititsa kuti ndegezo zizitera bwino?

Mwina ayamba ndi Eric Brown wa ku Britain, yemwe pa 3 Disembala 1945 anateretsa ndege ya Sea Vampire pa sitima ya HMS Ocean, jeti yoyamba kutero. Aamerika anatsatira mu Julayi 1946 ndi Phantom ya kampani ya McDonnell. Koma kutera kamodzi sikunathetse vuto. Jeti inkabwera ndi liwiro lalikulu, ndipo injini zake zinkachedwa kukoka mphamvu. Mbedza ya kumchira kwa ndege ikaphonya zingwe zoimitsira zoyalidwa pa sitimayo, kutsogolo kunali chotchinga, kuseri kwake ndege zina zitaimikidwa. Ngozi zinali zosasowa.

Anthu anayesa zambiri, zina zoseketsa. Pa sitima ya HMS Warrior anayala mphira kuti ndege izitera chamimba, yopanda mateyala. Inateradi, koma ndege yotero ukaitera pamtunda uyendetsa bwanji? Anazisiya.

Zimene zinagwira ntchito zinachokera kwa anthu a masamu ndi zitsulo. Dennis Cambell anaganiza zopendeketsa pang'ono njira yoterera, kuti wophonya chingwe angodzukanso n'kuzungulira. Anaziyesa pa sitima ya USS Antietam. Colin Mitchell anakonza makina oponyera ndege ndi nthunzi yochokera mu sitima momwemo. Nicholas Goodhart anabweretsa galasi ndi nyali zouza woyendetsa ngati watsika kwambiri kapena wakwera. Onani, zonsezi ndi ma angle, liwiro, mphamvu ya nthunzi ndi kuwala, zomwe zili m'buku la Physics la mwana wanu.

Ndiye pangano likhale ili: awerenge za ndegezo, koma Masamu, Physics ndi Chingerezi akhoze bwino pa MSCE. Akatero, Mechanical Engineering ku MUBAS ndi poyambira pabwino, ndipo za ndege zenizeni angadzawonjezere pambuyo pake. Kuphunzira kuyendetsa ndege n'kokwera mtengo, ndiponso amayeza maso ndi thanzi, choncho asaike mtima wonse pamenepo. Okonza ndege amafunika pa bwalo lililonse, ku Chileka ndi ku Lilongwe komwe.

Akaumirira kuti iye n'ngoyendetsa basi, mumuuze za Neil Armstrong. Asanapite kumwezi ankaulutsa jeti ya Panther kuchokera pa sitima ya USS Essex pa nkhondo ya ku Korea, ndipo atabwerako ku nkhondoko anabwerera m'kalasi ku yunivesite ya Purdue kukamaliza digiri ya uinjiniya wa ndege.