Mjigo wanu sunaphwe, musathamangire kupempha wina

Mayi amene mwafunsa kuchokera ku Benga, mwati m'mawa mumapopa mpaka mkono kuwawa madzi asanatuluke, chogwirira chikugwedera, ndipo amayi ena ayambanso kutunga kunyanja. Mukufuna kudziwa ngati mjigowo waphwa, komanso ngati mupite kwa a khansala kukapempha wina. Malinga ndi zizindikiro mwatchulazo, madzi pansipo alipo. Zimene zatha ndi timipira ta m'kati, ndipo tonse pamodzi mtengo wake sufika pa thumba limodzi la feteleza.

Mijigo yambiri ya m'midzi muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo anaipanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola za m'kati osazula mapaipi. Musanamasule chilichonse, yesani zinthu ziwiri.

Choyamba, popani mpaka madzi atuluke bwino, kenaka usiyeni kwa mphindi 30, pasapezeke wougwira. Mukayambanso, werengani. Ngati mwapopa koposa kasanu madzi asanabwere, ndiye kuti madzi amene anali m'mapaipi abwerera pansi. Nthawi zambiri wolakwa ndi timipira totchedwa bobini kapena O-ring ta pa footvalve, kachipangizo kapansi penipeni kamene kamatsekera madzi kuti asatsike. Mukasintha zimenezi koma vuto osatha, paipi yang'aluka kapena yamatuka polumikizira. Ndi chifukwa chake mumavutika kwambiri m'mawa: usiku wonse mjigo umakhala ukudontha.

Chachiwiri, tcherani ndowa ya malita 20 n'kupopa ka 40 m'mphindi imodzi, chogwirira chizifika pamwamba ndi pansi penipeni. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposa. Akalephera kufika malita 10, U-seal, kampira ka pa plunger (kachipangizo kamene kamakwera ndi kutsika n'kumakankha madzi), kaperepeseka. Kuno kunyanja kamatha msanga chifukwa mchenga umakadya.

Kugwedera kwa chogwirirako musakuchepetse. M'mutu wa mjigo muli mabushi apulasitiki anayi. Akatha, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo pakapita miyezi mudzagula mapini ngakhalenso mutu wonse m'malo mwa timabushi totsika mtengo. Mabushi, U-seal, O-ring ndi mabobini azisinthidwa kamodzi pachaka ngakhale mjigo ukuoneka kuti uli bwino. Kumene otunga ndi ochuluka, musadikire kuti chaka chithe. Boma limawerengera anthu 250 pa mjigo umodzi, koma pa malo a malonda ndi m'madoko a asodzi anthu amaposa pamenepo.

Posolola marodi, zitsulo zazitali zolumikiza chogwirira ndi plunger, dziwani kuti iliyonse ndi ya mamita atatu. Musaigoneke pamchenga. Yalani mitengo iwiri, muziisanja motsatana monga mwaitulutsira, muiwerenge, ndipo muitsuke ndi madzi oyera musanaibwezere. Onani timipira timene timagwira rodi kuti ikhale pakati pa paipi. Tikatha, rodi imakhula paipi mpaka kuiboola. Pa U-seal musapakepo girisi, madzi okha akwanira. Footvalve imakoledwa ndi kachitsulo kake kokolera, osati waya wa pampanda. Chinthu chikagwera m'chitsime, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata. Kuzula mapaipi ndi kuwamata ndi guluu isiyireni mekaniki wa m'dera amene anaphunzitsidwa. Ngati simukumudziwa, a ku ofesi ya zamadzi ku khonsolo ya Nkhotakota akuuzani amene amayang'anira dera lanu.

Mjigo wophwadi umaoneka mosiyana. Mu Okutobala ndi Novembala umatulutsa ndowa zingapo kenaka chogwirira n'kupepuka, kumangopopa mphepo, ndipo ukapuma madzi amabweranso. Apo madzi atsika kupitirira pamene pali silinda, chipangizo cha kunsi kwa mapaipi momwe muli plunger ndi footvalve. Mekaniki ayeze kaye kuya kwa chitsime. Ngati malo alipo amaonjezera paipi ndi rodi, koma Afridev sikoka bwino kupyola mamita 45. Madzi ofiira a dzimbiri kawirikawiri amachokera ku marodi amene akudyeka, ndipo mankhwala ake ndi marodi a chitsulo chosachita dzimbiri. Madzi amchere okha ndiwo alibe chokonza: klorini sachotsa mchere, ndipo pamenepo kupempha malo ena n'koyenera.

Tinene zoona, mijigo yachuluka m'maboma a Nkhotakota ndi Salima poyerekeza ndi kale, ndipo m'matauni muli mipopi ya Central Region Water Board. Chimene chikutibweza m'mbuyo si kusowa kwa okumba ayi, koma thumba la komiti lopanda kanthu. Mjigo watsopano umene mungapatsidwe udzafikanso pomwepa pakatha chaka kapena ziwiri. Gwirizanani pamaso pa amfumu ndalama ya pakhomo pamwezi, msungichuma azilemba m'kaundula, ndipo aziwerenga pagulu zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Anthu sakana kusonkha, amakana kusonkhera thumba limene saliona. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: zosonkha zazing'onozo zigule zipangizo zikhale m'nyumba mjigo usanafe. Okalamba ndi odwala awakhululukire poyera kuti pasakhale manong'onong'o.

Tsopano za amene akutunga kunyanjawo, pakuti ndi pamene pali moyo wa anthu. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja sanawasiye. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma ndi momwe anthu amasamba, kuchapa matewera ndi kutsuka nsomba, ndipo wolowamo amatenganso likodzo. Mpaka mjigo utakonzedwa, madzi akumwa athiridwe WaterGuard, kachivundikiro kamodzi m'malita 20, tiwiri ngati madzi ali a matope, ndipo mudikire mphindi 30. Ngati mlangizi wa zaumoyo akugawa klorini wosungunula kale, tsatirani muyeso umene iye akuuzani. Popanda zonsezi, wiritsani mpaka abwadamuke. Sungani m'chigubu cha kukamwa kochepa kapena ndowa ya kampopi, chifukwa kapu yoviika ndi dzanja imaipitsanso madzi amene munawasamala.

Yang'ananinso pamjigo pomwepo. Simenti ikang'aluka, madzi akuda amatsetsereka m'mbali mwa paipi n'kulowa m'chitsime. Mateni ming'aluyo, ngalande ikathere m'dzenje la miyala, ndipo mangani mpanda kuti mbuzi ndi nkhumba zisafike. Chimbudzi ndi khola zikhale mamita osachepera 30, kumunsi kwa mjigo. Pamchenga ngati wathu, pamene madzi ali pafupi, kutalikirako n'kwabwino, ndipo dzenje la chimbudzi liziwakidwa ndi njerwa mozungulira kuti lisagumuke ndi mvula. Madzi osefukira akamiza mjigo, monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024, musamwe mpaka a zaumoyo atathira klorini m'chitsimemo.

Mawa m'mawa yesani ziwiri zija, mulembe pano kuti mwapopa kangati madzi asanatuluke ndi malita amene mwapeza pa 40, tikuuzeni chipangizo choyamba kugula.