Mayina a azungu akalekalewa tiziwalowezeranji?

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira zachipatala kuno ku Thyolo. Akuti: "Ankolo ndatopa nazo. Colles, McBurney, Kaposi, Burkitt, mutu wangodzadza mayina a azungu oti anafa kalekale. Munthu akabwera ku casualty magazi ali chuchuchu zimenezi zindithandiza chani?"

Mwana wanga, kudandaula kwakoku nkomveka, koma tamvera. Yerekeza ndi 2 koloko usiku, agogo aterereka pa matope a mvula ya kunoyi nkugwera pa chikhatho, dzanja lapindika pamkono ngati foloko, iwe ukuimbira foni dokotala amene wadzidzimuka kutulo. Ukangoti "ndi Colles" wamva zonse, fupa liti, lathyokera pati, lakhotera kuti. Ntchito ya dzinalo ndi imeneyo basi, kudula nkhani. Abraham Colles wa ku Dublin anafotokoza kuthyoka kumeneku mu 1814, X-ray kulibe (inabwera mu 1895), ankangoona ndi maso nkukhudza ndi manja, ndiye tsiku limene magetsi azima makina osagwira ntchito iweyo ndi iye mwafanana. McBurney naye chimodzimodzi, dokotala wa ku New York amene mu 1889 analoza pamalo pamene pamapweteka munthu akadwala appendix, kumunsi kwa mimba chakumanja. Ukaloweza dzina koma osadziwa poika chala ndiye wangotaya nthawi, mayeso ukhoza koma wodwala sumuthandiza.

Pena ndimagwirizana nawe. Denis Burkitt analemba za khansa yotupitsa nsagwada za ana mu 1958 ali ku Kampala, koma amayi a kuno ku Africa anali akuiona pa ana awo iye asanabwere, dzina linangopita kwa amene anagwira cholembera. Ndipo mayina ena akufufutidwa, matenda a nyamakazi amene ankatchedwa Reiter pano amati reactive arthritis chifukwa mkuluyo anachita zoopsa ndi chipani cha Nazi.

Koma chimene chandidabwitsa pa mndandanda wakowo mulibe Blantyre! Glasgow Coma Scale, sikelo ija yoyezera kuzama kwa chikomokere imene madokotala Teasdale ndi Jennett anakonza ku Glasgow ku Scotland mu 1974, yoyambira 3 kufika 15, imafuna wodwala ayankhule, umufunse ali kuti, lero ndi lachingati. Nanga mwana wa chaka chimodzi amene wakomoka ndi malungo a mu ubongo ungamufunse zimenezo? Ndiye madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, akugwira ntchito ndi ana pa Queens m'zaka za m'ma 1980, anakonza Blantyre Coma Scale. Imayambira 0 kufika 5: maso akutsatira nkhope ya mayi ake kapena ayi, akulira bwanji, ndipo ukamutsina akuchotsa dzanja lako kapena akungothawitsa chiwalo. Akapeza 2 kapena kucheperapo mwanayo ali chikomokere, thamanga, yeza shuga pompo. Madokotala a maiko ena amalowezanso dzina limeneli ngati mmene iwe ukuvutikira ndi Colles. Chondiseketsa nchoti Blantyre wathuyu anatengera dzina kwawo kwa Livingstone, kamudzi koyandikana ndi Glasgow yemweyo.

Za khansa ya Kaposi sindichulukitsa, ukangolowa mu wodi uzionera wekha zotupa zakuda pamiyendo ndi mkamwa. Pita ukawerenge, ndipo Blantyre uyiike pamwamba pa mndandandawo.