Tim bwenzi atamuuza Mary

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti anaonera filimu ya About Time ndi chibwenzi chake, mwamunayo misozi ili chuchuchu, iye mtima ukumuwawa, ndipo anakangana mpaka pakati pa usiku. Akufunsa kuti: kodi ndine wouma mtima poona kuti Tim ankamupusitsa Mary? Nanga tionere iti ina yoti tisakanganenso?

Chemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha, chifukwa filimu imeneyi inenso ndili nayo mlandu wangawanga.

Kwa amene simunaionere, inatuluka mu 2013, ndipo anailemba ndi Richard Curtis. Tim atakwanitsa zaka 21, bambo ake akumuululira kuti amuna a m'banja mwawo amatha kubwerera ku masiku amene anadutsamo kale. Ungolowa pamalo amdima, kaya m'kabati, n'kufumbata manja, n'kuganizira tsikulo, basi wafika.

Ine ndinaionera patangotha miyezi inayi bambo anga atamwalira. Tsiku lomwe anagonekedwa m'chipatala anandiimbira foni kawiri chakumadzulo. Ndinali kuntchito, ndikulemba lipoti lomwe lero sindikukumbuka n'komwe kuti linali la chiyani. Foniyo ndinkaiona ikulira patebulo, n'kunena mumtima kuti ndiwaimbira ndikaweruka. Nditaweruka ndinali nditatopa, ndinati mawa. Kutacha anali atasiya kulankhula. Ndinafika ndithu, ndinakhala nawo masiku atatu nditawagwira dzanja, koma zomwe ankafuna kundiuza anapita nazo. Mwinatu sinali nkhani yaikulu. Anali munthu woti akhoza kukuimbira kungofuna kudziwa ngati kwanuko kwagwa mvula. Komabe sindidzadziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandidzutsa usiku.

Ndiye pamene Tim, bambo ake atamwalira, ankabwerera m'mbuyo kukasewera nawo tenesi ya patebulo, ine ndinalira ngati mwana. Mary sindinamuone n'komwe. Pafupifupi chaka chonse ndinkalowa m'kabati muja m'maganizo mwanga, ndikuyankha foni ija, tsiku lina ndi mawu awa, tsiku lina ndi mawu enawa. Mpaka nditaionera kachitatu m'pamene ndinaona zomwe inu mwaona ulendo woyamba.

Taonani zomwe Tim akuchita. Akumana ndi Mary m'lesitilanti yamdima ku London, akondana, atenga nambala. Kenako abwerera m'mbuyo kukathandiza mnzake wolemba masewero, ndipo kukumana kuja kwafufutika. Atamupezanso, Mary ali kale ndi chibwenzi china. Tim atani? Afunsa mochenjera tsiku ndi malo omwe awiriwo anakumanirana, abwerera kuphwandoko, amutulutsa Mary mnyamata winayo asanafike, akugwiritsa ntchito mawu omwe Mary yemweyo anamuuza za Kate Moss, mayi wotchuka pa zoonetsa mafashoni. Ngakhale usiku wawo woyamba akuubwereza katatu mpaka utamukomera. Ndipo mpaka filimu kutha, ana atabadwa, Mary sakuuzidwa kanthu.

Poyamba ndinkati n'zachibwana chabe. Lero ndikunena mosabisa: kumeneko ndi kubera mayeso. Mary anasankha mwamuna, inde, koma anasankha pa zinthu zomwe wina anazisanja kale iye asakudziwa. Tim kukhala wamanyazi ndi wankhope yofatsa sikukuchepetsa mlanduwo. Akanasewera munthu wa maso oopsa, nyimbo zake n'kukhala zina, bwenzi tonse tikuti ndi filimu yochititsa mantha.

Komanso Rachel McAdams, amene anasewera Mary, ndimamumvera chisoni. Mu The Time Traveler's Wife ya 2009 ndi mkazi wodikirira mwamuna amene amangosowa mwadzidzidzi n'kukapezeka m'nthawi ina, kusiya zovala pansi. Mu Midnight in Paris ya 2011 ndi chibwenzi cha munthu amene usiku uliwonse amathawira ku Paris wa m'ma 1920. Mafilimu atatu, iye osapitako ngakhale kamodzi. Amuna ndiwo amayenda, akazi n'kumasinthidwa miyoyo ali phee. Nkhani imeneyi ndidzailemba payokha tsiku lina, apa ingatitayitse njira.

Ngakhale Back to the Future ya 1985, yomwe ndinkaikonda ndili wamng'ono, pano mathero ake amandizizira m'thupi. Marty, mnyamata amene anabwerera m'mbuyo, achoka mu 1955 n'kubwerera ku nthawi yake, adzuka m'nyumba yawo yomwe ija koma yokongola, bambo ake asanduka wolemba mabuku wodzidalira, mayi ake osangalala, Biff, amene ankazunza bambo akewo, akupukuta galimoto panja. Tonse timaombera m'manja. Nanga makolo amene anamulera aja ali kuti? Kulibenso. Anthu ali patebulowa akukumbukira ubwana wa Marty wina, maholide ena, mikangano ina, ndipo iye yekha ndi amene akusunga zaka 17 zomwe palibe wina akuzidziwa. Ndi mlendo m'nyumba ya kwawo, ndipo filimu ikutiuza kuti wapambana chifukwa wapeza galimoto yatsopano m'galaja.

Pomwe mafilimuwa amanena zoona

Ndisaiphe yonse About Time, chifukwa pali malo amodzi pomwe siinama. Tim abwerera kale kukapulumutsa mlongo wake Kit Kat kwa mwamuna womuzunza. Pobwera, apeza kuti mwana wake wamkazi Posy kulibe, m'malo mwake muli mwana wamwamuna. Bambo ake akumufotokozera kuti ukabwerera kupitirira tsiku lomwe mwana anabadwa, amabadwa mwana wina. Choncho Mary atafuna mwana wachitatu, Tim akudziwa kuti akavomera ndiye kuti bambo ake sadzawaonanso. Avomera. Ulendo womaliza uja, awiriwo akuthamanga m'mphepete mwa nyanja Tim ali kamnyamata, sindiupirira mpaka lero.

Mu Groundhog Day ya 1993, momwe Phil amangodzuka pa tsiku limodzi lomwelo mobwerezabwereza, mulinso nkhalamba ina yosowa pokhala yomwe Phil akuyesa kuipulumutsa, aigulira chakudya, aithamangira, koma imamwalirabe pa 2 February pomwepo. Ndipo mu Interstellar ya 2014, Cooper, woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, atsikira pa pulaneti pomwe ola limodzi ndi zaka 7 za kuno, abwerako zaka 23 zitapita, n'kukhala pansi kuonera mauthenga a ana ake akukula iye palibe. Kumeneko kulibe kabati. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ndi imene inandithandiza kwambiri pa nkhani ya foni ija, ngakhale kuti sindingathe kufotokoza bwino kuti inandithandiza motani.

Tsono yankho lanu, chemwali. Ayi, simuli wouma mtima, munangoonera filimuyo muli kumbali ya Mary. Koma musanamuweruze mnzanuyo, mufunseni kuti analira pati. Ngati ndi pa tenesi ya patebulo paja, ndiye kuti simunkakangana za chinthu chimodzi, ndipo mwina pali munthu amene akumusowa. Yotsatira onerani Groundhog Day. Phil nayenso akuloweza zomwe Rita, mkazi amene akumufuna, amakonda kuti amukope, koma amalandira mbama tsiku ndi tsiku, ndipo zinthu zimayamba kuyenda atamukhazika pansi n'kumuuza zoona.